Kuzima kwadzidzidzi kwa kompyuta ya patebulo

Kuzima kwadzidzidzi kwa kompyuta ya patebulo ndi vuto limene kompyuta imaleka kugwira ntchito yokha, popanda munthu kuilamula kuti izime. Nthawi zina imazima n'kukhala chete, nthawi zina imazima n'kuyakanso yokha patapita masekondi ochepa. Zifukwa zake zimachokera kumbali zinayi: kutentha kwa zipangizo za mkati, magetsi olowa m'nyumba, chipangizo chogawa magetsi m'bokosi chotchedwa power supply, ndi mapulogalamu. M'madera otentha a kumwera kwa Nyanja ya Malawi monga Mangochi, Monkey Bay, Malindi ndi Makanjira, zifukwa ziwiri zoyambazo ndi zimene zimapezeka kwambiri, ndipo kawirikawiri zimabwera pamodzi.

Makompyuta a patebulo ambiri a m'maderawa ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, a mitundu monga Dell OptiPlex, HP ndi Lenovo. Amapezeka m'masukulu, m'maofesi, m'malo ogona alendo, m'masitolo otayipa ndi kusindikiza makalata, komanso m'malo okopera nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi. Kwa mwini sitolo yotere, kompyuta ikazima pakati pa ntchito, chimene chatayika si nthawi yokha: kalata ya kasitomala imene sinasungidwe yapita, ndipo kuzima kobwerezabwereza kumawononga mafayilo a Windows ndi hard drive yomwe.

Anthu ambiri amatcha bokosi lonse la kompyuta kuti CPU. M'nkhani ino bokosilo likutchedwa bokosi, ndipo kachipangizo kakang'ono kamene kamawerengera zonse mkatimo kakutchedwa processor, chifukwa kusiyana kwake n'kofunika pofufuza vutoli.

Kazimidwe kake

Kompyuta imaonetsa kumene kuli vuto mwa kazimidwe kake, ndipo wokonza wanzeru amayamba ndi kufunsa mafunso asanamasule sikulu ngakhale imodzi. Funso loyamba ndi lakuti kodi chazima ndi bokosi kapena sikirini yokha. Ngati sikirini yada koma mafani akuzungulirabe ndipo nyali ya pabokosi ikuyaka, ndiye kuti kompyuta sinazime. Vuto lili pa waya wa sikirini, pa sikiriniyo, pa khadi la zithunzi, kapena kompyutayo yangolowa m'tulo monga inasankhidwira mu Windows.

Ngati bokosi lazimadi, nthawi ndi mmene lazimira zimathandiza. Kompyuta imene imagwira bwino m'mawa koma n'kumazima masana, kapena imene imazima ikagwira ntchito yolemera kwa mphindi 20 kapena 30, ndiye poiyatsanso n'kuzima msanga kuposa poyamba, imakhala kuti ikutentha. Imene imazima nthawi ina iliyonse, ngakhale itangoyatsidwa kumene ili yozizira, imaloza ku magetsi kapena ku power supply. Imene imayamba yaonetsa sikirini ya buluu yokhala ndi zolemba imaloza ku RAM, ku hard drive kapena ku mapulogalamu. Imene imatseka mapulogalamu mwadongosolo n'kulemba kuti ikuzima, imeneyo yalamulidwa ndi pulogalamu ina kapena batani, ndipo si magetsi ayi.

Pali kazimidwe kena kosavuta kukazindikira. Kompyuta ikamazima patangopita masekondi pafupifupi anayi chiiyatsireni, nthawi zonse mofanana, batani loyatsira likhoza kukhala kuti latsakamira mkati. Makompyuta anapangidwa kuti batanili likakanikizidwa kwa masekondi anayi, magetsi adulidwe. Fumbi ndi dzimbiri zimachititsa batani kusabwerera, ndipo munthu angathe kugula power supply yatsopano pachabe vuto lili pa kapulasitiki kameneka.

Kutentha

Processor imatulutsa kutentha kwambiri pamalo aang'ono ngati chikhadabo. Pamwamba pake pamakhala chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi mapeyala ambiri opyapyala, chotchedwa heatsink, ndipo fani imapemerera mpweya m'mipata ya mapeyalawo. Pakati pa processor ndi heatsink amapakapo phala lotuwa lotchedwa thermal paste, limene limadzaza timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kudutse bwino. Chimodzi mwa zitatuzi chikalephera, kutentha kumakwera m'masekondi ochepa.

Ma processor amakono amadziteteza okha. Akafika pa malire ake, omwe ndi madigiri pafupifupi 100 a Celsius kwa ambiri a Intel ndi 95 kwa ambiri a AMD Ryzen, amachepetsa liwiro lawo kuti azizire. Apa m'pamene munthu amaona kompyuta ikuchedwa kwambiri, fani ikulira ngati ndege. Kutentha kukapitirirabe, processor imatumiza chizindikiro ku motherboard kuti magetsi adulidwe nthawi yomweyo, popanda chenjezo lililonse pa sikirini. Choncho kuzima kotereku si kuwonongeka, ndi kudzipulumutsa.

Makampani opanga makompyuta a muofesi amalemba kuti ambiri mwa makompyutawa ayenera kugwira ntchito m'chipinda chosapitirira madigiri 35. Mangochi ili m'chigwa, pa mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa panja masana kumayandikira malire amenewa kapena kuwadutsa. M'kachipinda ka malata kopanda siling'i, ka zenera limodzi, momwe mulinso makina a fotokope, kumatentha koposa panja. Kompyuta yomweyo imene ingagwire chaka chonse ku Dedza popanda dandaulo, ku Mangochi imayamba kuzima ikangosonkhanitsa fumbi pang'ono, chifukwa mpweya umene fani ikupemerera ndi wotentha kale.

Fumbi ndilo mdani wamkulu. M'miyezi ya mphepo ya mwera ndi m'chilimwe, fumbi limalowa m'bokosi tsiku ndi tsiku, makamaka ngati bokosi lili pansi kapena sitolo ili m'mphepete mwa msewu. Limasonkhana pakati pa fani ndi heatsink n'kupanga chinthu chonga bulangete, ndipo pafupi ndi nyanja chinyezi chimalilimbitsa. Munthu akayang'ana amaona fani ikuzungulira n'kuganiza kuti zonse zili bwino, pamene mpweya sukudutsa konse. Chizolowezi chofunditsa bokosi nsalu poliiteteza ku fumbi n'chabwino kompyuta ili yozima. Ikamagwira ntchito itafundidwa, nsaluyo imatseka mabowo opumira. Kuika bokosi m'kabati yotseka kapena kuligunditsa kukhoma kumachitanso chimodzimodzi.

Kuti munthu atsimikize kuti vuto ndi kutentha, angaone madigiri a processor mu BIOS ya makompyuta ena, kapena ndi mapulogalamu aulere monga HWMonitor ndi Core Temp. Kompyuta imene sikugwira ntchito yolemera imaonetsa madigiri a pakati pa 35 ndi 55 m'chipinda chotentha. Ikamaonetsa 80 kapena 90 isanatsegule pulogalamu iliyonse, kuziziritsa kwalephera. Njira ina yosafuna pulogalamu ndiyo kuchotsa chitseko cha m'mbali mwa bokosi n'kulozetsamo fani ya m'nyumba. Kuzima kukaleka, yankho lapezeka, ngakhale kuti bokosi siliyenera kukhala chitsegulire mpaka kalekale.

Poyeretsa, waya wa magetsi amazulidwa kaye kukhoma, kenako batani loyatsira limakanikizidwa kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Bokosi limatulutsidwa panja n'kupemereredwa ndi blower, ndipo fumbi louma limachotsedwa ndi burashi yofewa yopentera. Fani imagwiridwa ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso ndi mphepo ya blower. Nsalu yonyowa siloledwa mkati. Ngati heatsink yachotsedwa, phala lakale limapukutidwa mbali zonse ziwiri ndipo latsopano limaikidwa pakati pa processor, lochepa ngati njere ya nandolo. Ena amapakapo mankhwala otsukira mano phala likasowa. Amenewa amauma m'masiku ochepa ndipo vuto limabwerera lili lokulirapo.

Chinthu china chimene chimaiwalika ndi kamangidwe ka heatsink. Zambiri za Intel zimagwira pa motherboard ndi timiyendo tinayi ta pulasitiki, ndipo pulasitikiyo ikakalamba imathyoka msanga. Kompyuta imene yayenda pa matola kapena pa kabaza mumsewu wa mabampu ingafike kamwendo kamodzi katazuka. Heatsink imaoneka ngati ili m'malo, koma yapendekeka pang'ono ndipo sikukhudza processor bwino. Kompyuta yotere imazima isanamalize n'kutsegula Windows komwe.

Magetsi olowa m'nyumba

Magetsi a m'Malawi ndi a mavolti 230 pa 50 Hz, ndipo mapulagi ake ndi a mano atatu monga a ku Britain. Kuyambira mu Januwale 2017, kampani ya EGENCO ndiyo imapanga magetsi ambiri ndipo ESCOM imawagawa. Gawo lalikulu limachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mtsinjewu umatuluka m'Nyanja ya Malawi pafupi ndi tauni ya Mangochi, n'kudutsa m'Nyanja ya Malombe ndi pa Kamuzu Barrage ku Liwonde usanafike kumakinawo. Madzi a m'nyanja atatsika m'zaka za 2016 ndi 2017, magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo anayambanso kugwira ntchito mu 2023.

Kuthima kwa magetsi kwa maola aliyense amakuona, ndipo palibe amene angaimbe mlandu kompyuta. Chimene chimasokoneza anthu ndi kuphethira kwa magetsi kwa kanthawi kochepa. Power supply yabwino imatha kupitiriza kudyetsa kompyuta kwa mamilisekondi pafupifupi 16 magetsi atadukira, komwe ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a sekondi. Kuphethira kotalikirapo pang'ono, kumene babu la m'nyumba silionetsa n'komwe bwinobwino, kumakwanira kuzimitsa kompyuta. Power supply ikakalamba, nthawi imeneyi imafupika. N'chifukwa chake m'chipinda cha makompyuta khumi, awiri okha angazime ena onse akugwirabe.

Kutsika kwa mphamvu ya magetsi kumachitanso chimodzimodzi. Kumachitika madzulo pamene anthu ambiri akuphika ndi kuyatsa nyali, komanso pamene chigayo, makina owotcherera zitsulo kapena mafiriji akuluakulu osungira nsomba ayamba kugwira ntchito pa transifoma yomweyo. Ma power supply akale okhala ndi kaswitchi kofiira kumbuyo amapirira kutsika mpaka mavolti pafupifupi 180. Atsopano opanda kaswitchiko amalandira kuyambira 100 mpaka 240, motero amalimba bwino magetsi akafooka. Kaswitchi kofiira kameneka kayenera kukhala pa 230 nthawi zonse. Kakaikidwa pa 115, monga zimakhalira pa makompyuta ena ochokera ku America, power supply imapsa nthawi yomweyo ikalumikizidwa.

Nthawi zambiri vuto silichokera kutali chotero. Ekisitenshoni yotchipa, ya mawaya opyapyala ndi mabowo olobodoka, imadula magetsi munthu akangogunda tebulo ndi mwendo. Soketi yakuda m'mphepete, pulagi yotentha poigwira, kapena phokoso la kuthetheka, zonsezi zimasonyeza kuti magetsi sakugwira bwino pamalopo, ndipo zingayambitse moto. M'masitolo osindikiza makalata, printa ya laser ndi makina a fotokope amakoka magetsi ochuluka mwadzidzidzi akamatenthetsa chitsulo chomatira inki ya ufa papepala. Zikakhala pa ekisitenshoni imodzi ndi kompyuta, kompyutayo ingazime pa nthawi yeniyeni imene munthu walamula kuti kalata isindikizidwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: bokosi lilumikizidwe palokha pa soketi ya kukhoma ndi waya wina.

UPS ndi chipangizo chokhala ndi batire chimene chimalowa m'malo magetsi akathima kapena akaphethira, ndipo chimapatsa munthu mphindi zingapo zosungira ntchito yake. Ndicho chitetezo chabwino koposa pa vutoli, koma nacho chimasanduka gwero la vuto. Mabatire ake, amene nthawi zambiri ndi a 12 V 7 Ah, amakhala zaka zitatu mpaka zisanu m'chipinda cha madigiri 20 mpaka 25, ndipo moyo wawo umadulidwa pafupifupi theka pa madigiri 10 alionse owonjezera. Ku Mangochi, batire imene yakwanitsa zaka ziwiri n'njokayikitsa kale. UPS ya batire yakufa imayakabe nyali yobiriwira, koma magetsi akangogwedera imadula kompyuta. Poiyesa, ntchito yonse imasungidwa kaye, kenako swichi ya kukhoma imazimitsidwa kuti aone ngati kompyuta ikhalabe yoyaka. Printa ya laser siyenera kulumikizidwa ku UPS yaing'ono. Kachipangizo koteteza firiji kamathandiza pa kukwera kwa magetsi, koma kagwiridwe kake ndi kudula magetsi akatsika kapena akakwera, choncho kompyuta ili pamenepo izizimabe.

Kumene amagwiritsa ntchito sola kapena jenereta, pali zina zowonjezera. Inveta imadzizimitsa batire ikatsika, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri madzulo ndi masiku a mitambo. Mainveta otchipa amatulutsa magetsi a mafunde osasalala, amene ma power supply ena atsopano sagwirizana nawo. Jenereta yaing'ono imatsika mphamvu chinthu cholemera chikalumikizidwa kapena mafuta akamatha. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mphezi imalowa kudzera m'mawaya a magetsi ndi a intaneti omwe, ndipo chitetezo chodalirika ndi kuzula mawaya onse awiri mvula ya ziphaliwali ikayandikira.

Power supply

Power supply imasandutsa magetsi a kukhoma kukhala a mavolti 12, 5 ndi 3.3 amene zipangizo za mkati zimafuna. Malinga ndi muyezo wa ATX, umene Intel inayambitsa mu 1995, mavolti amenewa sayenera kusuntha kupitirira magawo 5 pa 100. Waya wachikasu wa 12 V ayenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, ndipo wofiira wa 5 V pakati pa 4.75 ndi 5.25. Wokonza amene ali ndi multimeter angayeze zimenezi kompyuta ikugwira ntchito. Mavolti akatuluka m'malire, power supply imachotsa chizindikiro chouza motherboard kuti magetsi ali bwino, ndipo kompyuta imazima kapena kuyambiranso.

Chimene chimakalamba msanga mkatimo ndi timigolo tosungira magetsi totchedwa ma capacitor. Tili ndi madzi a mankhwala mkati amene amauma pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuumako. Zizindikiro za power supply yotopa ndi kuzima pamene ntchito yalemera, kukana kuyaka mpaka waya atazulidwa n'kubwezeredwa, fungo la kupserera, ndi fani yake yosazungulira. Mphemvu, nyerere ndi analimata zimakonda kufunda kwa mmenemo, ndipo zikafera pakati pa mawaya zimagunditsa magetsi.

Njira yodalirika yoyesera ndi kuikapo power supply ina yodziwika kuti ili bwino. Apa eni makompyuta a Dell, HP ndi Lenovo amavutika, chifukwa ambiri a makampaniwa ali ndi mapulagi awoawo m'malo mwa pulagi ya mano 24 imene ili yofala, ndipo kukakamiza yosagwirizana kumawotcha motherboard. Makompyuta ambiri a Dell OptiPlex ali ndi kabatani ndi kanyali kumbuyo koyesera power supply payokha. Munthu wosaphunzira za magetsi asatsegule power supply, pakuti ma capacitor akuluakulu amasunga mavolti opitirira 300 ngakhale waya atazulidwa. Pogula ina, kulemera kwake kumanena zambiri kuposa nambala ya mawati yolembedwa pachikwangwani. Yopepuka ngati chitini chopanda kanthu n'njokayikitsa, ngakhale italembedwa 500 W.

Motherboard ndi RAM

Ma capacitor a pa motherboard amaoneka ndi maso. Abwino amakhala afulati pamwamba. Owonongeka amatupa kapena kutuluka zinthu zofiirira. Vutoli linafala kwambiri pa makompyuta opangidwa pakati pa 1999 ndi 2007, ndipo ena mwa amenewo akugwirabe ntchito m'masukulu. Pulagi ya mano anayi kapena asanu ndi atatu yodyetsa processor nayo iyenera kuonedwa ngati yalowa bwino ndiponso ngati sinapserere.

RAM yowonongeka kapena yosalowa bwino imabweretsa sikirini ya buluu ndi kuyambiranso kuposa kuzima kwenikweni. Imazulidwa, mano ake agolide amapukutidwa ndi labala yofufutira, n'kubwezeredwa mpaka italira. Ngati zilipo ziwiri, zimayesedwa imodziimodzi. Pulogalamu ya Windows Memory Diagnostic kapena MemTest86 imathandiza kutsimikiza. Batire yaing'ono ya CR2032 ikatha, kompyuta imaiwala tsiku ndi nthawi, koma siizimitsa kompyuta ikugwira ntchito, ngakhale ambiri amaiimba mlandu.

Mapulogalamu ndi zolemba za Windows

Windows imalemba zimene zachitika m'pulogalamu ya Event Viewer, imene imatsegulidwa polemba eventvwr pa bokosi la Run. Nambala 6008 imasonyeza kuti kuzima kwapitako kunali kosayembekezeka ndipo imatchula nthawi yake, imene munthu angaiyerekeze ndi nthawi imene chigayo chimayatsidwa kapena imene dzuwa limafika pakhoma la chipindacho. Nambala 41 ya Kernel-Power imanenanso kuti kompyuta inayambiranso isanazime mwadongosolo. Ambiri amaitenga ngati umboni wakuti power supply yafa, koma siitchula chifukwa. Chothandiza ndi mzere wa BugcheckCode mkati mwake: ukakhala 0, Windows inadzidzimutsidwa, monga zimakhalira ndi magetsi kapena kutentha, ukakhala nambala ina, panali sikirini ya buluu. Nambala 1074 imatchula pulogalamu imene inalamula kuzimako, ndipo kawirikawiri imakhala Windows Update.

Sikirini ya buluu imatha kudutsa mofulumira osawerengeka. Kuchotsa chizindikiro pa Automatically restart, m'gawo la Startup and Recovery, kumaichititsa kuima kuti munthu alembe uthenga wake.

Mavairasi amatchulidwa kwambiri pa vutoli kuposa mmene amachitiradi. Chitsanzo chodziwika ndi Blaster ya mu Ogasiti 2003, imene inkachititsa Windows XP kuonetsa uthenga wakuti kompyuta izima pakatha masekondi 60. Sasser ya mu 2004 inkachitanso zofanana. Masiku ano pulogalamu yoipa imathandizira kuzima mwa njira ina: imagwiritsa processor ntchito yolemera mobisa, monga kukumba ndalama za pa intaneti, mpaka itatentha. Makompyuta a m'malo okopera nyimbo, amene amalandira mafulashi ndi mamemori khadi ambirimbiri patsiku, ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Komabe, kufufuta Windows n'kuikamo ina, kumene okonza ena amathamangira chifukwa n'kumene amalipiritsa mosavuta, sikuchotsa fumbi pa heatsink. Kuyesa kumene kumalekanitsa mbali ziwirizi ndi kulowa mu BIOS n'kuisiya kompyuta pamenepo kwa ola, kapena kuiyatsa ndi Linux ya pa fulashi. Ikazimabe, Windows ilibe mlandu, ndipo mafayilo ofunika ayenera kukoperedwa pa hard drive ina bokosi lisanapite kwa wokonza.